Golosale ya pachibale ikutha ndi ngongole: ndiyambire pati?

Funso

Ndine mayi wa ku Santhe m'boma la Kasungu. Chaka chatha tinatsegula golosale ndi alamu anga, achemwali a amuna anga. Ine ndinaika K600,000, iwo K300,000, koma amene amakhala pa kauntala tsiku lonse ndi iwo chifukwa ine ndili pa ntchito ina. Sitinalembe chilichonse. Pano mashelefu akungopepuka, pomwe m'kope muli ngongole za K210,000, zambiri za achibale ndi alimi a fodya amene amati adzabweza akagulitsa ku Chinkhoma. Palinso mnyamata wina wa tsamba la Facebook amene amatenga katundu mwezi ndi mwezi kuti akutitsatsira malonda, koma sindikuona kusintha. Sabata yatha wina analemba pa gulu la WhatsApp la m'dera kuti sikelo yathu imaba. Mtima ukundiuza kuti ndiike mayina a angongole onse pa status. Ndichite bwanji kuti geni isafe, chibalenso chisathe?

Yankho

Mayi, za status zija dikirani kaye, tizifika. Mwatchula mavuto anayi, koma atatu aphuka pa chitsa chimodzi: simukudziwa kuti golosale yanu ili ndi ndalama zingati lero, ndipo palibe pepala lonena kuti ndani angatenge chiyani. Pamene palibe cholembedwa, funso lililonse la ndalama limamveka ngati chitonzo. Mukafunsa kuti belo ya shuga yapita kuti, alamu amva kuti mwawatchula wakuba. Choncho ntchito yoyamba ndi kuwerenga katundu, musanalankhule ndi wina aliyense za ngongole.

Sankhani tsiku limene malonda amakhala ochepa, mutseke chitseko, muwerenge nonse awiri. Musawerenge nokha usiku alamu atapita, chifukwa chimene mudzapeze sadzachivomereza. Wina aziwerenga, wina azilemba, kenako musinthane pa shelefu yotsatira. Lembani dzina la katundu, kuchuluka kwake, mtengo umene munaodera ndi mtengo wogulitsira. Mukatha, phatikizani zinthu zitatu: katundu pa mtengo woodera, ndalama za m'kabati pamodzi ndi za mu Airtel Money kapena Mpamba, ndi ngongole za m'kope. Chotsanipo zimene golosale ili nazo kwa ena, monga lendi kapena katundu amene munatenga kuholoselo musanalipire. Chotsalacho chiyerekezeni ndi K900,000 imene munayambira. Ngati chatsika, mpamba wadyedwa. Ngakhale chitafika K900,000 yomweyo, dziwani kuti mwabwerera m'mbuyo, chifukwa ndalama imeneyo sigulanso makatoni amene inkagula chaka chatha.

Kuyambira tsiku limenelo, katundu khumi amene amayenda msanga, monga shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere, mazira ndi buledi, aziwerengedwa sabata iliyonse, ndipo golosale yonse kamodzi pa mwezi. Masamu ake ndi awa: amene analipo, kuonjeza amene mwaoda, kuchotsa amene watsala, ndiye amene watuluka. Wotulukayo ayenera kuoneka penapake, kaya m'ndalama, m'kope la ngongole, kapena pa tsamba la zotengera kunyumba. Musathamangire kuganiza za kuba mukapeza kusiyana. Chigubu cha mafuta cha malita 20 chikamayezedwa pang'onopang'ono sichitulutsa malita 20 ogulitsa, chifukwa ena amatsalira m'mbali, ena amadontha, ndipo dzanja la wogulitsa limakonda kuonjezera kabasela kwa kasitomala wodziwika. Mazira amasweka, makoswe amaboola mapaketi, ana a pakhomo amatola masiwiti. Zonsezi zilembedwe tsiku lomwelo. Koma dzenje lalikulu m'magolosale a pachibale limakhala sopo ndi shuga wopita kunyumba za eni ake osalembedwa, ndipo kawirikawiri nyumba zake zimakhala zonse ziwiri. Inunso mudzifunse kuti mwatumako mwana kangati.

Tsopano pepala. Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: lamulo la anthu ochita bizinesi mogwirizana limati ngati simunapangane mwina, phindu mumagawana mofanana ngakhale wina anaika zambiri, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wolandira malipiro chifukwa chogwira ntchito mu bizinesiyo. Ndiye kuti kusalembako kukukupwetekani nonse. Inu mungataye gawo la ndalama zanu, alamu akugwira ntchito ya tsiku lonse popanda malipiro odziwika. Munthu amene amatsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka usiku, osalandira kanthu, amadzilipira yekha kuchokera pa shelefu, ndipo mumtima mwake saona kuti walakwa. Ine ndikuona kuti pamenepa alamu anu ali ndi dandaulo loona, ndipo mukayamba ndi kulivomereza, zokambirana zonse zidzafewa.

Lekanitsani malipiro a ntchito ndi phindu la mpamba. Tiyerekeze kuti mwezi wina, mutachotsa ndalama yoodera, lendi, thiransipoti ndi chiphaso cha msika, patsala K130,000. Alamu alandire kaye malipiro amene mwagwirizana, tinene K40,000. Pa K90,000 yotsala, theka libwerere ku mpamba. K45,000 inayo igawidwe monga munaikira, magawo awiri kwa inu, limodzi kwa iwo: inu K30,000, iwo K15,000. Alamu apita ndi K55,000, kuposa inu, ndipo ndi chilungamo chifukwa thukuta ndi lawo. Manambala enieni mupangana nokha, koma dongosolo lake likhale limeneli.

Pepalalo lisapitirire masamba awiri, lilembedwe m'Chichewa. Linene zimene aliyense anaika, malipiro, tsiku logawana phindu, amene ali ndi mphamvu yokongoza ndi malire ake, kuti katundu wopita kunyumba amalembedwa pa mtengo wogulitsira n'kuchotsedwa pa gawo la mwini wake, ndi zimene zidzachitike wina akafuna kutuluka, akadwala nthawi yaitali kapena akamwalira. Musaine nonse, ndi mboni ziwiri, imodzi ya kuchimuna, ina ya kwanu. Aliyense asunge lake, mulijambulenso pa foni. Amuna anu akhalepo, koma ngati mboni chabe. Musawatume kuti akalankhule ndi achemwali awo m'malo mwanu, chifukwa nkhani ya geni ikadutsira m'banja imabwerera itasanduka nkhani ya ukwati.

Ndalama za golosale zikhale ndi nambala ya foni yakeyake, yosalandirira ndalama za pakhomo. Kumbukirani kuti simu imalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu mmodzi, choncho pepala lija linene poyera kuti nambala yakutiyakuti ndi ya golosale ngakhale ili m'dzina la uje. Kasitomala akati watumiza, musakhulupirire uthenga umene akukuonetsani pa foni yake, ngakhale umene wangolowa pa yanu. Onani balansi nokha, *211# pa Airtel Money, *444# pa Mpamba, katundu asanachoke pa kauntala. Geni ikakhazikika, kalembetseni dzina lake ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi kuti mutsegule akaunti ya kubanki yofuna masiginecha a nonse awiri.

Tifike pa K210,000 ija. Ndikufuna muione kukula kwake kwenikweni. Ngati pa katundu wa K10,000 mumapindula K1,000, munthu mmodzi akathawa ndi ngongole ya K10,000 muyenera kugulitsa katundu wotere kasanu ndi kanayi kuti mungobweza K9,000 imene munaodera. Pa K210,000, katundu wake munamugula K189,000, ndipo kuti ibwerere kudzera m'phindu muyenera kugulitsa katundu wa K1,890,000. Onjezani kuti ndalama yogona m'kope imaonda. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anakongoza shuga zisanachitike izi anabwezeredwa ndalama yosakwana kuoda shuga yemweyo. Ngongole ya December yobwezedwa mu June, ngakhale ibwere yonse, yakudyani kale.

Za alimi a fodya, mvetsani mzere umene mwaimapo. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu April, koma belo ikhoza kudikira masabata isanalowe, ikhozanso kubwezedwa osagulidwa. Ikagulidwa, ndalama imadutsira kubanki, ndipo mlimi wa pa kontirakiti amayamba wadulidwa ngongole ya feteleza ndi zipangizo, thiransipoti ndi misonkho ina. Yotsalayo ikuyembekezeredwa ndi aganyu, fizi ya ana, banki mkhonde, mwinanso wakatapila amene salola kudikira. Wa golosale amakhala kumapeto, chifukwa alibe chiwongoladzanja kapena chikole. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Choncho musadikire kuti mlimi abwere yekha. Mufunseni sabata imene mabelo ake akupita ku Chinkhoma, mulembe, ndipo mumuyendere masiku omwewo ndalama isanamwazike.

Tengani kope, mugawe angongole patatu. Gulu loyamba ndi la amene ali ndi ndalama yolowa mwezi ndi mwezi, monga aphunzitsi ndi ena a pa ntchito. Awa apanganeni nawo tsiku la malipiro. Lachiwiri ndi la odikira zokolola. Lachitatu ndi la amene mukudziwa mumtima kuti sangathe: agogo, wodwala, wamasiye. Za gulu lachitatuli, khalani pansi ndi alamu, muzifafanize, muzilembe ngati chithandizo chochoka pa magawo anu. Kuzisunga m'kope kumangokunamizani kuti muli ndi chuma chimene kulibe.

A m'magulu awiri oyambawo muwayendere mmodzimmodzi, kunyumba kwawo, osati pa kauntala pamaso pa anthu. Nyamulani kope, muwaonetse tsiku ndi katundu amene anatenga. Mawu ake asakhale aukali: "Achimwene, tikutseka mabuku a chaka. Apa palembedwa K18,000. Tipangane kuti muziika zingati pa sabata." Munthu amene sangapeze K18,000 nthawi imodzi amatha kupeza K3,000 kasanu ndi kamodzi. Mukapangana, asaine kapena adinde chala pansi pa chiwerengerocho, ndipo ndalama iliyonse imene wabweza ilembedwe iye akuona. Amene ali kutali, mutumizireni uthenga wotchula ndalama ndi tsiku, ndipo yankho lake lovomera mulisunge, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola uthenga wa pa foni kukhala umboni. Amene alibe ndalama koma ali ndi soya, mtedza kapena chimanga, landirani, koma pa mtengo wa pa msika wa tsiku limenelo, poyeza pa sikelo nonse mukuona, ndipo mbewuyo ikhale youma. Soya wonyowa amapepuka m'thumba, mtedza wonyowa umachita chuku, n'kupezeka kuti mwalandira ngongole ina.

Achibale ndiye povuta, paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Lamulo lothandiza ndi lakuti aliyense atolere kwa abale ake: alamu kwa akuchimuna, inu kwa akwanu. Mkamwini kapena mtengwa akamalondola ngongole kwa apongozi, mawu amakula kuposa ndalama. Wachibale akakanika, pitani kwa mwini mbumba kapena ankhoswe, kenako kwa anyakwawa. Bwalo la majisitireti likhale lomaliza, ndipo pa ngongole yaikulu yokha yokhala ndi umboni. Ngongole wamba si mlandu wa kupolisi. Musalandenso njinga kapena mbuzi ya munthu mwa mphamvu zanu, chifukwa wolakwa mudzakhala inu. Chikole chimatengedwa mwini wake atavomera, polemba.

Mtsogolomu, sindikukuuzani kuti musiyiretu kukongoza, chifukwa pa Santhe golosale yosakongoza konse imataya makasitomala abwino. Ikani malire. Ngongole zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mpamba. Munthu mmodzi asapitirire ndalama imene mwapangana, asapitirirenso masiku 30, ndipo ngongole yakale asanamalize, yatsopano palibe. Lembani katundu, osati ndalama yokha: "shuga mapaketi 4, sopo 2". Ngati ngongole idzadutsa mwezi, munthu auzidwe asananyamule kuti adzalipira pa mtengo wa tsiku lobweza. Malamulowa amateni pa khoma, kuti wokana akhale pepala. Alamu adzatha kunena kuti, "Atsibweni, kope ladzadza, ndipo si langa ndekha. Koma tengani sopoyu, ndi wa ine, musabweze." Kupereka sopo mmodzi wa m'thumba mwanu n'kotchipa kuposa kukongoza katoni imene simudzaiona. Pa maliro, pamene anthu amabwera usiku kudzatenga shuga, mchere ndi makandulo, funsani mwaulemu dzina la munthu mmodzi amene adzayankhe za ngongoleyo, ndipo chipepeso chanu chilembedwe padera. Ngongole yolembedwa kuti "a pa maliro" ilibe mwini.

Ndiye za status. Musatero. Munthu amene wakukongolani amabweza chifukwa akufuna kusunga ulemu wake pamaso panu, ndipo mukamuyalutsa mwamuchotsera chifukwa chomaliza chobwezera. Makasitomala ena, ngakhale olipira bwino, adzayamba kukuopani. Mukalakwitsa chiwerengero kapena dzina, akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri, ndipo lamulo la 2016 lija lili ndi milandu ya kuzunza kapena kuvutitsa munthu pa intaneti. Koposa zonse, anthu amenewa mudzakhala nawo pa mphasa imodzi pa maliro otsatira. Chololeka ndi uthenga wosatchula munthu: "Okondedwa makasitomala, tikutseka mabuku pa 30. Amene muli ndi kope lanu kuno, tionane."

Mnyamata wa Facebook nkhani yake ndi yaifupi. Werengani katundu yense amene watenga, pa mtengo wogulitsira, mudziwe kuti kutsatsako kwakudyerani zingati. Kenako mupempheni akuonetseni pa foni yake mizinda imene anthu otsatira tsamba lake amakhala, popeza Facebook imamuonetsa mwini tsamba zimenezi. Ngati ambiri ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Johannesburg, sadzabwera kudzagula mchere ku Santhe, ngakhale atakhala ochuluka bwanji. Muyeseni mwezi umodzi: alembe kanayi, masiku odziwika, zithunzi za katundu amene alipodi ndi mitengo yoona, ndipo anene poyera kuti akutsatsa malonda. Aike mawu oti wobwera atchule, monga "ndaona pa tsamba", alandire kabasela, alamu azidula mzere m'kope pa aliyense wotero. Mwezi ukatha, phindu la anthu amenewo likapanda kufika pa zimene mwamulipira, muthokozeni, musiyane bwino. Malipiro akhale ndalama yodziwika, yoperekedwa ntchito itachitika, osati kutola pa shelefu. Ngati golosale ili ndi tsamba lake, musamupatse pasiwedi, ndipo asajambule makasitomala kapena ana awo osapempha. Kwa golosale ya m'dera, status yanu ndi ya alamu yoonetsa katundu amene wangofika imafikira anthu oyenda pansi kudzagula kuposa tsamba lalikulu lakutali.

Za sikelo, musayankhe musanayeze. Ikani paketi ya shuga ya 1kg yosatsegula, kenako ziwiri, kenako zisanu. Sikelo ya sipuling'i imatopa, ikhoza kulondola pa kilogalamu imodzi n'kunama pa zisanu. Ya batire imasokonekera batire ikafooka kapena ikakhala pa tebulo lopendekeka. Onaninso ngati muvi ukubwerera pa ziro, ndiponso ngati kulemera kwa mbale kapena jumbo kukuchotsedwa. Sikelo zochitira malonda zimayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, choncho ngati yanu sinayesedwepo, konzani zimenezo. Mukapeza kuti imalakwadi, vomerani pa gulu lomwelo m'mizere itatu: tayeza, tapeza vuto, takonza, amene anagula sabata imeneyi abwere tiwaonjezere. Mukapeza kuti ili bwino, yankhani kamodzi kokha, mwaulemu, kuti aliyense ali ndi ufulu wobwera ndi paketi yake kudzayesa, kenako mumuimbire wodandaulayo panokha. Musalole alamu, ana kapena anzanu kulowa m'gulumo kukamenya nkhondo. Siyani paketi yosatsegula pambali pa sikelo masiku onse, kuti wokayika aziyesa yekha.

Mwina alamu adzakana kuwerenga katundu kapena kusaina. Apatseni sabata ziwiri, mubwerezenso pamaso pa mboni zija. Akakanabe, ndi bwino kusiyana geni idakali ndi chogawana. Werengani zonse monga tafotokozera, lipirani kaye lendi ndi aholoselo, aliyense abwezeredwe mpamba wake malinga ndi zimene zatsala, ndipo ngongole za m'kope zigawidwe potsata amene anakongoza ndi mbali ya chibale, kuti wina asatenge katundu yense wa pa shelefu mnzake n'kutsala ndi mayina okhaokha. Amene akupitiriza golosale amulipire wotulukayo m'magawo, miyezi itatu kapena inayi, masiku ake olembedwa, ndipo nambala ya foni ya golosale, makiyi ndi kope ziperekedwe tsiku lomwelo mboni zikuona.